Kodi tingakwere sitima ya panyanja ndi vinyo wathuwathu?

FUNSO

Akonzi,

Ine ndine mphunzitsi wopuma pa ntchito ndipo ndimakhala ku Mtunthama m'boma la Kasungu. Mwana wathu wamkazi amene amagwira ntchito ku Johannesburg watilipirira ine ndi mayi ake ulendo wa pa sitima ya kampani ya MSC, yonyamukira ku Durban kupita ku gombe la Mozambique ndi kubwerera, kuti tikakumbukire zaka 40 za banja lathu. Mayi a kunyumba amadziwa kufulula vinyo wa chidede, ndipo asunga mabotolo awiri oti tikamwe pa tsikulo. Ndilinso ndi botolo la vinyo wa Linga limene anandipatsa ana amene ndinawaphunzitsa kale. Alamu anga, amene anakwerapo sitima yotere ku America, akuti munthu aliyense amaloledwa kulowa ndi botolo limodzi bola alipire kandalama kochepa. Mnzanga wina akuti ndisadzivute, ndingothira vinyoyo m'botolo la juwisi. Kodi zoona zake ndi ziti?

Bambo wa ku Mtunthama, Kasungu

YANKHO

Bambo, tikukufunirani mafuno abwino inu ndi mayi pa zaka 40 zimenezi. Yankho lachidule ndi lakuti pa sitima imene mukukwerayo simudzaloledwa kulowa ndi vinyo wanu, kaya wa chidede kaya wa Linga. Alamu anu sananame, koma anena za sitima ina ya kampani ina. Nkhani yolowa ndi zakumwa pa sitima zoterezi siyendera lamulo limodzi la boma kapena la panyanja. Kampani iliyonse imaika lamulo lake, ndipo tikiti imene mwana wanu anagula ndi pangano limene munthu amavomereza zonse zolembedwamo, ngakhale zimene sanaziwerenge.

Zimene alamu anu anaona zimachitikadi pa sitima zambiri zonyamukira ku madoko a ku America monga Miami. Kampani ya Carnival imalola munthu wa zaka 21 kapena kuposerapo kulowa ndi botolo limodzi la vinyo la mamililita 750, losatsegula, pa tsiku lokwera lokha, ndipo botololo liyenera kukhala m'chikwama cha m'manja kuti alonda alione. Akamwera m'chipinda mwake salipira kanthu, koma akapita nalo ku chipinda chodyera amalipira ndalama yotsegulira botolo, imene pa mapepala awo amailemba kuti corkage fee, ndipo yakhala ili madola 15 pa botolo. Royal Caribbean nayonso imalola botolo limodzi kwa munthu wamkulu aliyense, koma imakana vinyo wa m'katoni. Norwegian Cruise Line ili ndi njira yakeyake: siletsa mabotolo a vinyo, koma imalipiritsa pa botolo lililonse pamene mukulowa, ngakhale mutati mukamwera kuchipinda, ndipo botolo lalikulu la lita imodzi ndi theka mtengo wake umawirikiza. Onani kuti pa makampani onsewa chololedwa ndi vinyo ndi shampeni basi. Mowa wa m'zitini ndi zakumwa zaukali monga Malawi Gin sizilowa.

MSC, imene imayendetsa maulendo ochokera ku Durban m'miyezi yotentha, kuyambira cha mu Novembala mpaka cha mu Epulo, ilibe mwayi umenewu. Lamulo lake ndi lakuti wokwera asalowe ndi chakumwa choledzeretsa chilichonse, ndipo palibe ndalama yotsegulira botolo imene ingasinthe zimenezi.

Ndi bwino kuti mudziwe zimene zimachitika pa doko, chifukwa ndi pamene maganizo a mnzanu aja amagwera. Mukafika pa Nelson Mandela MSC Cruise Terminal ku Durban, masutikesi akuluakulu mumawasiya kwa ogwira ntchito atamangidwa kapepala kosonyeza nambala ya chipinda chanu, ndipo inu mumalowa ndi chikwama cha m'manja chokha. Zonse ziwiri zimadutsa m'makina ounikira katundu ofanana ndi a pa bwalo la ndege, ndipo botolo la madzimadzi limaoneka bwinobwino pa makinawo ngakhale mutalikulunga m'chitenje. Zikatero sutikesi yanu siifika kuchipinda pamodzi ndi za anzanu. M'malo mwake mumaitanidwa kwa achitetezo kuti mukaitsegule nokha iwo akuona, ndipo botolo limatengedwa. Botolo la juwisi, la madzi, ngakhale la mankhwala otsukira m'kamwa, ndi zinthu zimene alondawo amayamba kuzikayikira, pakuti anthu ambiri anayesapo kale njira zimenezi. Royal Caribbean inachita kulemba m'malamulo ake kuti alonda akhoza kutsegula mabotolo otere ndi kutaya zimene zilimo, ndiponso kuti munthu wobisa mowa akhoza kukanizidwa kukwera kapena kutsitsidwa pa doko lotsatira, n'kudzilipirira yekha ulendo wobwerera kwawo. Ine sindingakonde kuti munthu amene waphunzitsa ana kwa zaka zambiri ayambe chikondwerero cha banja lake ataimirira pamaso pa alonda, mayi ali pambali ndi manyazi, chifukwa cha botolo limodzi. Malangizo a mnzanuwo muwasiye.

Vinyo wa chidede ali ndi vuto lina lapadera, ndipo ndikufuna ndikhalepo pang'ono chifukwa ndikudziwa kuti ndi amene ali pamtima panu. Ngakhale mukanakwera sitima ya Carnival, vinyo ameneyu sakanaloledwa, popeza makampani onse amene amalola vinyo amafuna botolo lotsekedwa ku fakitale, lokhala ndi chidindo chosadulidwa ndi pepala losonyeza dzina ndi mphamvu yake. Mlonda alibe njira yodziwira ngati zimene zili m'botolo lotsekedwa pakhomo ndi vinyo wa chidede kapena kachasu wothira mtundu, ndipo sangatenge mawu a munthu ngati umboni. Izi sizikutanthauza kuti vinyo wa mayi ndi wosayenera. Komanso vinyo wofulula pakhomo nthawi zambiri amakhala ndi shuga wotsalira ndi yisiti yamoyo, kotero kuti akatenthedwa ndi kukhutchumuka pa ulendo amayambanso kuwira. Mpweya umadzaza m'botolo mpaka chotsekera chimafwamphuka, ndipo aliyense amene anaphikapo chidede akudziwa mmene kufiira kwake kumakanirira pa nsalu yoyera. Ngati mabotolowo ayenda ulendo wautali, mayi ayambe aona ngati vinyoyo anasiyiratu kuwira: akatsegula pang'ono chotsekera pasamveke kufwenthera kwa mpweya, ndipo pansi pa botolo pasakwere tithovu. Kenako botolo lililonse alimange m'jumbo yosadontha, alikulunge m'thaulo, n'kuliika pakati pa sutikesi, kutali ndi suti yanu ndi diresi yawo.

Mwina mukudabwa chifukwa chake makampaniwa amauma mtima chotere. Ife a kuno sitima imene timaidziwa ndi Ilala, imene yakhala ikuyenda pa nyanja ya Malawi kuyambira mu 1951, ndipo ntchito yake ndi kunyamula anthu ndi katundu wawo, matumba a chimanga, usipa ndi njinga, kuchokera pa doko lina kupita pa lina. Sitima ya ku Durban ndi hotela yoyandama, ndipo phindu lake silichokera pa tikiti yokha. Mtengo wa tikiti umakhala kale ndi malo ogona, chakudya ndi zisangalalo, choncho kampani imayembekezera kupeza ndalama zambiri pa zimene anthu amagula ali m'kati, makamaka zakumwa. M'kuona kwanga ichi ndiye chifukwa chachikulu, ndipo palibe chifukwa chochibisira. Koma chifukwa chachiwiri nachonso ndi chenicheni. Wogulitsa pa bala amaona munthu amene wayamba kudzandira ndipo ali ndi mphamvu yomukaniza botolo lina, pamene munthu womwera m'chipinda mowa wobisa palibe amene amamuwerengera. Pa sitima pali masitepe ambiri, makonde oyang'ana kunyanja ndi madamu osambiramo, ndipo munthu akagwera m'madzi usiku pakati pa Durban ndi Maputo mwayi womupeza wamoyo ndi wochepa kwambiri. Chipatala cha m'sitima nachonso si chaulere.

Tsono vinyo wa mayi atani? Malangizo anga ndi akuti mupite naye ndithu, koma akathere kunyumba kwa mwana wanu ku Johannesburg, kumene mungamwe pamodzi monga banja usiku woti mawa mukupita ku Durban, kapena mutabwerako. Kumeneko palibe mlonda, ndipo mwana amene walipira ulendowu adzalawa nawo ntchito ya manja a mayi ake, zimene pa sitima sizikanatheka ngati iye sakukwera nanu. Malamulo a dziko la South Africa amalola mlendo wa zaka 18 kapena kuposerapo kulowa ndi malita awiri a vinyo ndi lita imodzi ya zakumwa zaukali popanda msonkho. Mabotolo anu atatu, ngati ali a mamililita 750, akukwana malita awiri ndi kota, ndipo popeza muli awiri simukupyola muyeso, bola mugawane, wina awiri wina limodzi. A kasitomu akafunsa, nenani zoona kuti ndi vinyo wofulula pakhomo woti mukamwe pa banja, osati wogulitsa.

Ngati mukukwera ndege pa bwalo la Kamuzu ku Lilongwe, kumbukirani kuti lamulo la ndege ndi losemphana ndi la sitima za ku America zija. M'chikwama cha m'manja simuloledwa botolo la zamadzimadzi loposa mamililita 100, choncho vinyo ayenera kulowa m'sutikesi yopita kunsi kwa ndege. Ngati mukuyenda pa basi kudzera ku Dedza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, vuto lalikulu ndi kutentha. Chigwa cha Zambezi ku Tete chimatentha koopsa m'miyezi yomweyo imene sitima zimayenda, ndipo katundu wa kunsi kwa basi amakhala m'ng'anjo imeneyo maola ambiri, makamaka basi ikaima pa chipata. Vinyo wa Linga, amene amapangidwa ndi zipatso ku Lilongwe ndipo amatsekedwa ku fakitale, akhoza kupirira ngakhale kukoma kwake kungasinthe, koma wa chidede ndingamuopere pa njira imeneyi.

Pa sitimapo, tsiku lanu likhoza kukondwereredwabe mwaulemu. Mwana wanu adziwitse kampani kapena amene anamugulitsa matikiti kuti mukukumbukira zaka 40 za ukwati, ndipo inu mukafika muuzenso woperekera zakudya pa tebulo lanu. Mukhoza kugula botolo limodzi pa mndandanda wa vinyo wa m'chipinda chodyera, ndipo ngati simunalimalize, pemphani kuti alilembe nambala ya chipinda chanu ndi kukusungirani mpaka chakudya cha mawa madzulo, zimene ndi zozolowereka pa sitima zotere. Kwa anthu awiri omwa pang'ono, njira imeneyi ndi yotsika mtengo kusiyana ndi kugula galasi limodzilimodzi. Adzakuuzaninso za dongosolo lolipiriratu zakumwa za ulendo wonse. Musalithamangire. Mtengo wake umawerengedwa pa munthu pa tsiku, masiku onse a ulendo, ndipo kawirikawiri onse ogona m'chipinda chimodzi amayenera kuligula, kotero kuti ngati mayi amangolawa galasi limodzi pa chakudya ndiye kuti mwalipirira zakumwa zimene sizidzamwedwa.

Pali chinthu chimodzi chimene makolo ambiri amazindikira mochedwa. M'sitima simugwiritsa ntchito ndalama za m'manja pogula zakumwa. Mumapatsidwa khadi limene ndi kiyi ya chipinda komanso ndi limene mumaonetsa pogula chilichonse, ndipo zonse zimalembedwa pa ngongole imene imalipiridwa kumapeto. Mitengo imakhala m'madola a ku America, ndipo pa chakumwa chilichonse amaonjezerapo ndalama ya operekera. Popeza ndalama zakunja ndi zovuta kupeza kuno kwathu, n'kutheka kuti khadi la ku banki limene lidzalumikizidwe ndi chipinda chanu ndi la mwana wanu. Khalani naye pansi musananyamuke, mugwirizane kuti zakumwa zisapyole ndalama zingati, ndipo lisiti lililonse limene mwasaina mulisunge.

Sitima ikaima ku Pomene kapena ku Portuguese Island, malo a ku gombe la Mozambique kumene anthu amatsikira pa timaboti ting'onoting'ono, lamulo lija silitha. Pobwerera m'sitima zikwama zimaunikidwanso, ndipo botolo lililonse limene mwagula kumtunda limasungidwa ndi ogwira ntchito mpaka kumapeto kwa ulendo. N'chimodzimodzi ndi zakumwa zogulidwa m'sitolo yopanda msonkho ya m'sitima momwemo: mumalipira lero, koma mumalandira ulendo ukamatha. Kapepala kamene akupatsani posiya botolo mukasamale, chifukwa ndi kamene mudzatengere katundu wanu. Pobwerera kumudzi, zimene mwagulazo mudzazionetse kwa a msonkho a MRA pa bwalo la ndege kapena pa chipata cha Dedza.

Malamulo amenewa makampani amawasintha nthawi ndi nthawi. Royal Caribbean, mwachitsanzo, kale inkawerengera mabotolo awiri pa chipinda, koma tsopano imawerengera limodzi pa munthu. Choncho mwana wanu atsegule mapepala a tikiti yanu, apeze gawo lonena za zakumwa ndi katundu woletsedwa, akutumizireni pa WhatsApp kuti muwerenge nokha musanayambe kulongedza.