Za nkhandwe ija amalume

Amalume mwaswera bwanji, pepani ndachedwa kuyankha ndinali ku ntchito. Ndamva voisi yanu ija, mukuti chinyama ndaika pa gulupu chija ndi galu kapena nkhandwe, ndipo ngati ndi nkhandwe ndikutani nayo, sindikuopa chiwewe? Hahaha ndi nkhandwe ndithu amalume, koma si zakwathu zija zolira usiku kuseri kwa mudzi agogo n'kumati malodza ayi. Iyi ndi yakumayiko ozizira, yoyera mbee, ndipo tchire sinalionepo chibadwire, inabadwira m'khola la waya pa famu.

Kuno ku Poland kuli mafamu oweta nkhandwe ndi tinyama tina amati mink, ndipo chomwe amafuna ndi chikopa basi, ubweya uja amasokera makhoti ndi makolala a majekete odula. Ana amabadwa cha mu Epulo kapena Meyi, ikafika Novembala kwazizira ubweya wakhatha bwino ndiye nkhandwezo amazipha ndi magetsi kuti chikopa chisabowoke, ndiye kuti moyo wonse miyezi 6 kapena 7, m'kakhola kosakwana sikweya mita imodzi. Khola lake lili m'mwamba ngati la mbuzi lanu lija, ndowe zizigwera pansi, kungoti mbuzi zanu m'mawa zimatuluka kukadya, izi zimangoponda waya usana ndi usiku. Ku Finland ndiye anafika poipa, nkhandwe yoyerayi kutchire imalemera makilo 3 kapena 4 koma kumeneko amazinenepetsa dala zina mpaka 20, khungu kuchita kulendewera kumaso, poti chikopa chikakula ndalama nazo zimakwera.

Ndiye kuli bungwe lina amati Otwarte Klatki, kutanthauza makhola otsegula, amajambula zochitika m'mafamumu n'kukanena, a vetenale ndi apolisi akapeza kuti nyama zikuzunzika amalanda zina. Zingapo zinapita ku zoo ya ku Poznań, zina kumalo ang'onoang'ono ngati komwe ndimakathandiza Loweruka, ganyu wosalipidwa, musaganize kuti pali ndalama.

Ya pa chithunziyo itabwera inali yomvetsa chisoni amalume. Miyendo yakutsogolo yopindika, zikhadabo zitalizitali poti sizinakandepo dothi, maso akuchucha. Titaiika mumpanda waukulu wa udzu tinkati ithamanga, ayi ndithu, inalowa m'kabokosi n'kukhala chete masiku angapo, ikatuluka imangozungulira pamalo amodzi, kabwalo kofanana ndendende ndi kakhola kake kakale kaja, pomwe mpanda wonse uli mbee wopanda kanthu. Zinandiwawa kuposa miyendo ija. Tsiku lina ndinaiyikira dzira laliwisi, inalinunkhiza, n'kulinyamula pakamwa mosamala osaliswa, kupita pakona, kukumba ndi timiyendo topindika tija, kuliika, kenako kukwirira ndi mphuno. Palibe anaiphunzitsa! Mayi amene amayang'anira malowo analira, inenso ndinangoti kaya ndi mphepo yandilowa m'maso.

Koma kusamala kwake si masewera. Chakudya ndi nkhuku yaiwisi ndi mafupa omwe, mitima, mazira, tizipatso pang'ono, chifukwa zimafuna chinthu china amati taurine, chikasowa maso ndi mtima zimawonongeka, moti nsima ndi zotsala ngati timapatsira agalu kwathu singakhale nazo. Mpanda waya wake amaukwirira pansi komanso pamwamba amatseka, poti zimakumba ndipo zimakwera ngati mphaka. Ndiye fungo, eee amalume fungo, mkodzo wake umaposa wa tonde, jekete yomwe ndimavala kumeneko ndimaisunga mu pulasitiki pakhonde, tsiku lina ndinakwera nayo basi mpando wonse ndinatsala ndekha.

Za chiwewe musade nkhawa, zonse zinabayidwa katemera, ndipo timavala magolovesi achikopa chokhuthala. Inandigwirako chala kamodzi ndikuchotsa mbale, ndi mantha chabe osati ukali... aaa ndaiwala kuti amayi ali pa gulupu pompano, mayi musadandaule chinapola kalekale, ndipo ku chipatala ndinapita tsiku lomwelo.

Mwina mufunsa kuti bwanji osangozitaya kutchire zikadzionere. Sizingatheke, kusaka sizidziwa, anthu siziwathawa mokwanira, zingangopita m'makomo kukafuna chakudya n'kugundidwa ndi galimoto, komanso mtundu woyerawu si wa nkhalango zakuno, kwawo ndi kumpoto kwenikweni kwa chipale. Ndiye zimakhala pamalopo mpaka kukalamba, zaka 10 kapena kuposa, wina azizidyetsa tsiku ndi tsiku, n'chifukwa chake zopulumuka ndi zochepa kwambiri. Ku England analetsa mafamu oterewa ndi lamulo la 2000, kuno lamulo linasainidwa kumapeto kwa 2025 ndipo awapatsa mpaka 2033 kuti atseke, ndiye kudakali zaka.

Zoti ndikubweretsereni imodzi izikugwirirani makoswe m'nkhokwe, iwalani amalume, kutentha kwa ku Salima ingafe sabata yomweyo, ndipo isanafe nkhuku za azakhali zikhala zitatha zonse. Loweruka ndikajambula vidiyo ikukwirira dzira muone nokha. Moni kwa onse kumeneko, batire yatsala pang'ono.