Kwa achemwali amene mwafunsa za mantha olankhula pagulu

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati kuntchito akusankhani kuti mwezi wamawa mukapereke lipoti pamaso pa mabwana, ndipo chikuuzireni nkhaniyi tulo palibe, moti mukuganiza zokanamizira kudwala tsikulo. Mwafunsa ngati alipo amene anali ndi mantha otere n'kuthana nawo. Ndilipo ine. Chonde musanamizire kudwala, chifukwa mukathawa ulendo uno, ulendo winawo mantha adzakupezani atanenepa.

Zaka zingapo zapitazo anandipempha kuwerenga zolengeza kutchalitchi kwathu. Pepala limodzi lokha, lolembedwa kale. Nditangoimirira, pepalalo linayamba kunjenjemera m'manja mpaka amayi a pabenchi loyamba ankalimva likulira. Kukamwa kunauma gwa. Maikolofoni inkangotulutsa kupuma kwanga. Ndinawerenga mizere itatu, kenako mkulu wa mpingo anabwera mwakachetechete n'kundilandira pepala lija. Ndinatha miyezi ndikukhala benchi lakumbuyo, mapemphero akatha ndinkatuluka ndisanapereke moni kwa munthu.

Musadzione ngati wopepera. Taganizani mmene tinakulira ambirife, makamaka ife ana aakazi. Akulu akamayankhula umagwada, maso pansi, mawu otsitsa. Kusukulu ukaphonya Chingerezi, kalasi yonse imafa ndi phwete. Ulemu umenewo ndi wabwino, sindikuunyoza ayi, koma palibe amene anatipatsa bwalo loyesererapo. Ndiye lero wakula, akungokuuza kuti imirira, yang'ana anthu, kweza mawu. Thupi limaona ngati lakumana ndi chilombo, limatulutsa timadzi ta m'thupi totchedwa adrenaline, mtima n'kuyamba kuthamanga, manja thukuta, malovu n'kuuma. Si matenda, ndipo palibe amene wakulodzani.

Anthu anandilangiza zambiri: imwa madzi, pemphera, yang'ana khoma lakumbuyo. Zina zinathandizako pang'ono. Koma chimene chinandisintha ndi kuimirira kambirimbiri pamaso pa anthu amene ndikalakwitsa sakanandiseka. Malo amenewo ndinawapeza ku kalabu ya Toastmasters, bungwe lothandiza anthu kuphunzira kulankhula pagulu, komwe mnzanga wakuntchito ananditengera ngati mlendo. Bungweli analiyambitsa Ralph C. Smedley mu 1924 ku Santa Ana, m'dera la California ku America, ndipo lero lili m'maiko oposa 100. Kuno kwathu makalabu ake aliko ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Mlendo amaloledwa kukangokhala n'kumaonerera, ndipo ine ndinapita katatu ndisanatsegule pakamwa kupatula kutchula dzina.

Chimene chinandigwira mtima tsiku loyamba ndi ichi. Bambo wina wovala suti, wooneka kuti kuofesi kwake anthu amamuopa, anaimirira kuti alankhule. Ali pakati mawu anamuthawa. Anangoti chilili, akupotokola mphete pachala. M'chipinda monse munali zii, koma osati zii wodikira kuti munthu agwe. Mayi wina anamugwedezera mutu akumwetulira. Bambo uja anapuma, n'kupitiriza, ndipo atamaliza onse anaomba m'manja. Mumtima ndinati, kani ngakhale awa? Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kuganiza kuti vutoli ndi langa ndekha.

Msonkhano wake uli ndi dongosolo, ndipo dongosololo ndi limene limakuteteza. Nkhani yoyamba ya membala watsopano amaitcha Ice Breaker, mphindi 4 mpaka 6, ndipo umangofotokoza za iwe mwini. Ine ndinakamba za agogo anga ndi mmene ankandiphunzitsira kupeta chimanga. Nkhani ya agogo ako sungaiiwale, ngakhale maondo akuwombana. Pali wosunga nthawi amene amakuonetsa chizindikiro chobiriwira, kenako chachikasu, kenako chofiira, posonyeza mmene nthawi yako ikuthera. Pali wina amene ntchito yake n'kuwerenga ma "eee" ndi ma "aaa" ako. Ine anandiuza kuti ndimati "ndiye kuti" pafupifupi chiganizo chilichonse, chinthu chimene sindinkadziwa m'pang'ono pomwe. Pali gawo la Table Topics, pomwe amakuponyera funso mwadzidzidzi n'kuyankha kwa mphindi imodzi kapena ziwiri. Ili ndinkaliopa kwambiri, koma ndi limene landithandiza koposa kuntchito, chifukwa bwana akamafunsa sakuchenjeza.

Ndiye pamabwera wokuunika. Apa mpamene pali mankhwala enieni. Sanena kuti "mwachita bwino" basi, ngati mmene achibale amachitira pokutonthoza. Wanga anati: "Pamene munayerekeza ndi manja mmene agogo ankagwirira lichero, tonse tinawaona agogowo. Ulendo wina yesani kusiya kuyang'ana pansi mukamamaliza chiganizo." Chinthu chimodzi chabwino chenicheni, chinthu chimodzi choti ndikonze. Ndinapita kunyumba ndili ndi chogwira, osati manyazi. Ndinadabwanso atandiuza kuti kunjenjemera kwa mawu anga sanakumve kwenikweni, pamene ine ndinkaona ngati chipinda chonse chikugwedezeka nane.

Ndisakubisireni ziwiri. Kukhala membala kumafuna ndalama zolipira miyezi 6 iliyonse, ndipo si aliyense angakwanitse. Komanso misonkhano imene ndapitako ine imachitika m'Chingerezi, zomwe kwa ena ndi mantha achiwiri pamwamba pa oyamba. Ngati zili choncho kwa inu, sonkhanitsani anzanu anayi kapena asanu, a kukwaya kapena a kubanki m'khonde, muzikumana Loweruka masana. Aliyense aimirire, osati kulankhula ali chikhalire, kwa mphindi zitatu, wina akuyang'ana nthawi pafoni. M'Chichewa momwemu. Lamulo likhale limodzi: palibe kuseka munthu, palibe kukakamba kunja. Sankhani bwino anthu ake, chifukwa mmodzi wamiseche akhoza kupha gulu lonse.

Za lipoti lanulo, mwezi ndi nthawi yokwanira. Musaloweze mawu onse pamtima, chifukwa liwu limodzi likathawa, onse amalondola. Lowezani ziganizo ziwiri zoyambirira zokha, zinazo lembani mitu pakapepala kolimba kamene sikanjenjemera ngati pepala wamba. Linenereni mokweza mutaimirira, pamaso pa munthu wamoyo, kosachepera kasanu tsikulo lisanafike. Akakuitanani, pondani pansi ndi mapazi onse, tulutsani mpweya pang'onopang'ono, pezani nkhope imodzi yansangala, muyambire pa iyo.

Ine mpaka lero mtima umagunda ndikamaimirira, koma miyendo imandinyamula ndipo mawu amatuluka. Chaka chatha ndinawerenganso zolengeza kutchalitchi komwe kuja, mpaka mzere womaliza. Ndilembereni ku inbox mundiuze tauni imene muli. Ngati tili pafupi, ndidzakuperekezani ku msonkhano woyamba, tikakhale limodzi mpando wakumbuyo.