Musadikire tsiku limene akupatsani loti mukamuone

Mayi anzanga, ndawerenga za mwana wanuyo manja akunjenjemera, ndiye mundikhululukire ndikalemba mosalongosoka. Zaka 19, salankhula, wayamba kudzimenya kumutu ndiponso akukuposani mphamvu, ndiye mukuganiza zokamusiya kumalo osamalirako anthu aulumali. Ine njira imeneyi ndinayendamo ndi mlongo wanga. Mafomu a kumalo osamalirako anthu aulumaliwo musathamangire kusayina.

Wathuyu anabadwa ndi ulumali wa mu ubongo, kuwonjezera apo amagwa khunyu. Mawu amene amatchula sakwana khumi. Mayi athu atatisiya anatsala m'manja mwanga, ine ndili ndi ana aang'ono komanso ntchito. Ndinakamusiya kumaloko ndikulira. Kunja kwake mukanati hotela, maluwa pakhomo, mayi oyang'anira akumwetulira, ati ameneyu ndi mwana wathu tsopano, inu kapumeni. Lamulo lawo linali lakuti abale azibwera Loweruka loyamba la mwezi basi, ati kubwerabwera kumawasokoneza. Ndinavomera, ndipo mpaka lero chimandiwawa n'chimenecho.

Mwezi wachinayi chimusiyireni kumeneko ndinangodzuka mtima uli m'mwamba. Linali Lachitatu. Ndinanyamuka osaimba foni. Pageti anandiuza kuti akugona, ndibwere tsiku lake. Ndinangodutsa. Kuchipinda chimene ankandionetsa masiku onse kunalibe munthu, bedi loyalidwa bwinobwino. Ndinamupeza kuseri, m'kachipinda kopanda katani, fungo la mkodzo lili guu. Anali chigonere pa matiresi a pulasitiki opanda nsalu, dzanja lamanja atalimangirira kuchitsulo cha bedi ndi chidutswa cha shiti. Pamkono pamene panadutsa nsaluyo khungu linali litasupuka. Anavala malaya a munthu wina. Dovu lili chuchuchu mpaka pachifuwa, maso ali theka, khosi litauma gwa. Ndinamutchula dzina katatu. Iye amene amati akangomva mawu anga n'kuyamba kuwomba m'manja, tsiku limenelo anangosuntha chala. Kenaka ndinaona tsaya lakumanzere, lotupa, lonyezimira, lotentha ngati moto. Nditamutsegula pakamwa ndi chala, fungo limene linatuluka sindidzaliiwala.

Ndinamasula mfundoyo ndi mano chifukwa zala zinkandikanika.

Mayi oyang'anira aja anabwera akuthamanga, ndipo mukudziwa chimene anayamba kunena? Ati ndaphwanya lamulo la masiku ochezera. Ati mlongo wanuyu ngovuta, wakhala akudzimenya tsaya milungu iwiri, kukana kudya, kukuwa usiku, ndiye timamumanga pofuna kumuteteza. Milungu iwiri munthu akuloza pamene pakupweteka m'njira yokhayo imene amaidziwa, iwo n'kumati ndi khalidwe! Kuchipatala anapeza dzino lobooka litachita mafinya mpaka m'nsagwada. Adokotala atayang'ana pepala la mankhwala anapukusa mutu. Kumalo kuja ankamubaya jakisoni wa haloperidol kuti azikhala phee, n'chifukwa chake thupi linauma ndipo dovu linkangotuluka. Pomwe mapiritsi ake a khunyu, carbamazepine, panali masiku angapo osalembedwa kuti wamwa. Adokotalawo anandiuza kuti mankhwala a khunyu sasiyidwa mwadzidzidzi, munthu atha kugwa mobwerezabwereza osatsitsimuka, ndipo kugwa kopitirira mphindi 5 ndi kothamangira nako kuchipatala. Ndiye kuti akanatha kufera pabedi pomwepo ali womangidwa.

Mayi oyang'anira aja sindinawakhululukirebe, Mulungu andithandize. Ndalama ankalandira mwezi ndi mwezi osaphonya, lisiti lokongola. Zithunzi pa Facebook ankaika za tsiku la alendo, anthu atawasambitsa, atawaveka zoyera. Pepani sanandiuzepo ngakhale kamodzi. Atsikana ogwira ntchitowo poyamba ndinawakalipira, koma wina anandikokera pambali n'kundiuza akulira kuti usiku amatsala yekha ndi nyumba yonse, ndipo sanaphunzitsidwepo chilichonse. Amati mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma mwini malo akaika mtima pa ndalama, wantchito mmodzi angatani?

Ndipo musaganize kuti zimenezi n'zachilendo. Ku Gauteng, ku South Africa, mu 2016 boma la chigawo linachotsa odwala matenda a m'maganizo kuzipatala za kampani ya Life Esidimeni n'kuwamwaza m'mabungwe ena opanda ziphaso zoyenera. Anthu 144 anamwalira, ena ndi njala ndi ludzu, abale awo ambiri osauzidwa n'komwe kumene awapititsa. Munthu wosatha kudzinenera akakhala kumene abale saloledwa kusuzumira, chilichonse chimachitika. N'chifukwa chake pangano la United Nations la mu 2006 la ufulu wa anthu aulumali, mu ndime 19, limati munthu waulumali ali ndi ufulu wokhala pakati pa anthu anzake, ndi kusankha kumene akhale ndi amene akhale naye.

Tsopano mumva ngati ndikudzitsutsa. Nditamutenga ndinalumbira kuti sadzagonanso pakhomo pa munthu wina. Ndinapirira chaka, kugona maola atatu, msana kutha ndi kumunyamula, ana anga kuyamba kumuopa, ine kuyamba kumukalipira munthu wosalakwa. Panopa akukhalanso kumalo ena. Ndi kanyumba kakang'ono, alimo anthu asanu, ndipo wanenepa, amathirira maluwa m'mawa. Ndiye ngati mwatopa, mwatopa ndithu, asakunamizeni a pagulu pano amene akuti mayi weniweni sataya mwana. Amenewo sanasinthepo thewera la munthu wandevu pakati pausiku.

Koma mukapite osawauza, madzulo kapena nthawi ya chakudya, ndipo mukapemphe kuona zimbudzi ndi zipinda zakuseri. Mukafunse kuti usiku amagona ndi antchito angati, chiphaso cha boma chili kuti, ndipo munthu akavuta amamutani. Akakangoti "timamukhazika mtima pansi ndi mankhwala" osatchula dokotala amene amawalemba, tengani chikwama chanu. Akakuikirani masiku ochezera, chimodzimodzi. Ine ndinalemba kabuku ka mlongo wanga, kuti akagwira khutu ndiye kuti chakuti, akakana nsapato ndiye kuti chakuti, sakonda phokoso, amamwa mankhwala nthawi yakuti. Ndikapita ndimamusambitsa ndekha kuti ndione thupi lonse, m'khwapa, kumsana, pamikono. Ndimafunsanso ngati akuchita chimbudzi, chifukwa kudzimbidwa kwa anthu athuwa kumafika poika moyo pachiswe munthu osanena kanthu. Ngati kuli kumene amawasunga masana okha, kapena kwa masiku ochepa kuti inu mupume, yambani ndi kumeneko.

Komanso poti mwati kudzimenyako wayamba posachedwa, musanaganize za malo alionse, mawa lomweli mupite naye akamuone mano ndi makutu.