Maimelo akulowa koma sakutuluka

Funso: Akulu, ndaika pulogalamu ya maimelo ya Thunderbird pa laputopu yanga, maimelo a Gmail akufika bwinobwino koma ndikati nditumize akukana. Nditani? Bambo wa ku Kapata, Chipata.

Yankho: Bambo, kulandira ndi kutumiza ni njira ziwiri zosiyana, ngati akufika ndiye kuti IMAP, njira yolandirira, ili bwino, vuto lili pa SMTP, njira yotumizira. Lowani mu Account Settings, pa Outgoing Server mulembe smtp.gmail.com, port 465 ndi SSL/TLS kapena 587 ndi STARTTLS, osasakaniza iai. Username ikhale adilesi yonse mpaka @gmail.com, apa ndi pomwe ambiri amaphonya. Pa Authentication musankhe OAuth2 chifukwa pasiwedi wamba Google anasiya kuilola pa mapulogalamu ngati amenewa. Mukatero dzitumizireni nokha kaimelo kaye muone, koma bandulo ikhalemo.