Kodi impact driver yokha ingakwanire ntchito zonse zapakhomo?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa ku Zomba amene wangolowa kumene m'nyumba yake yatsopano. Achimwene awo ali ku Johannesburg ndipo awauza kuti asankhe chida chimodzi chokha choti awagulire: drill ya batire (makina oboolera ndi kumangira masikuluwu) kapena impact driver (makina omangira masikuluwu mwamphamvu). Ntchito zimene zikuwadikira ndi kuika zitsulo za makatani, kupachika mashelefu kukhitchini, kulumikiza wodiropu yogula m'bokosi, kenako kumanga khola la nkhuku. Mmisiri amene anawafolera denga anawauza kuti drill inatha fasho, impact driver imachita zonse. Ndiye akufunsa kuti amvere zimenezi kapena ayi.

Bambo, tengani drill, ndipo ikhale ija yokhala ndi hamala.

Mmisiri wanuyo sananame pa ntchito yake. Iye tsiku lonse amakhala pamwamba akumanga masikuluwu ataliatali m'mapaso ndi m'malata, ndipo pamenepo impact driver ilibe mnzake. Koma ntchito mwatchulazi zambiri zimayamba ndi kuboola, ndipo makoma athu kuno ndi a njerwa zootcha kapena mabuloko a simenti. Makanema ambiri a pa YouTube otamanda impact driver amajambulidwa ku America, kumene nyumba zambiri ndi za matabwa ndi mabodi ofewa, moti sikuluwu imangolowa popanda kuboola. Khoma la ku Zomba silingakuloleni zimenezo.

Anthu ambiri amasokonezeka ndi dzina loti impact, lomwe limatanthauza kumenya. Akamva phokoso lija la kuti trrrr amaganiza kuti makinawo akumenya khoma. Ayi ndithu. M'kati mwa impact driver muli kachitsulo konga hamala ndi sipuling'i. Sikuluwu ikayamba kulimba, kahamalako kamamenya chammbali, mozungulira, kukankha biti (kachitsulo ka kutsogolo komangira kapena koboolera) kuti ipitirize kutembenuka, ndipo pa makina ambiri kamamenya koposa ka 3,000 pa mphindi imodzi. Mphamvu yonse imapita kokapotokola. Pomwe drill ya hamala imagogoda chakutsogolo, kuswa njerwa pang'onopang'ono uku biti ikutulutsa fumbi. Choncho mukafuna bowo la 6 mm loti mulowetsemo pulagi ya pulasitiki ya chitsulo cha katani, impact driver idzangolira, biti n'kutentha, bowo n'kutuluka lokhota. Pa njerwa yofewa mwina mudzalimbana nayo mpaka kutheka, koma mukafika pa konkire ya pamwamba pa windo, pomwe makatani ambiri amakhala, mudzatopa pachabe. Kunena zoona, konkire yolimba ngakhale drill ya hamala imavutika nayo, ndipo pamenepo pamafunika makina aakulu oboolera konkire otchedwa SDS, amene mungabwereke tsiku limodzi.

Chachiwiri ndi kukamwa kwake. Drill ili ndi kamwa yotchedwa chuck, yotseguka ndi kutsekeka, nthawi zambiri mpaka 10 mm kapena 13 mm, ndiye imagwira biti iliyonse yozungulira imene mungaipeze mu hadiweya ya pafupi. Impact driver imalandira mabiti a tsinde la makona sikisi okha, a kota inchi, kapena kuti 6.35 mm. Mabiti oboolera a tsinde lotere alipo, koma sapezeka paliponse, ndipo amagwedera pang'ono m'kamwamo. Ngati biti yanu yathyoka Loweruka masana ntchito ili pakati, mudzaona kusiyana kwake.

Koma chimene ine ndimachiona chachikulu kuposa zonsezi ndi mkombero wa manambala uja uli kuseri kwa chuck ya drill, umene amautcha kilatchi. Mukauika pa nambala yaing'ono, sikuluwu ikangofika polimba makinawo amasiya kukankha n'kumangoti kete kete. Impact driver zambiri zilibe zimenezi. Mphamvu yake yopotokola imakhala pakati pa 150 ndi 200 Nm, pomwe drill wamba ya 18V imakhala cha m'ma 40 mpaka 60 Nm, ndipo choletsa chokha ndi chala chanu. Wodiropu ya m'bokosi ija ndi ya chipboard, utuchi womata ndi guluu. Mukapitiriza pang'ono chabe, mazinga amadya thabwa, sikuluwu n'kumangozungulira osagwira, ndipo chitseko chimayamba kulendewera mwezi usanathe. Mahinjesi ang'onoang'ono, zogwirira madilowa, maloko a zitseko, zonsezi zimafuna dzanja lofatsa.

Ine zinandichitikira pa denga la khola langa. Ndinabwereka impact driver, ndinasangalala ndi liwiro lake, ndipo ndinamanga masikuluwu onse a malata mpaka kumapeto. Sikuluwu ya malata imakhala ndi washala wa labala pansi pa mutu, ndipo labalayo amafunika kungopanikizika pang'ono kuti atseke bowo. Ine ndinawaphwanya, ena anang'ambika, lata n'kubonyoka mozungulira mutu. Mvula yoyamba itagwa madzi ankadontha pa mzere wonse, utuchi wa pansi unanyowa, anapiye n'kuyamba kudwala. Zinandipweteka kwambiri chifukwa ndinachita ndekha ndi manja anga. Mmisiri wozolowera amadziwa posiyira chala, koma munthu wongoyamba sadziwa.

Musaganize kuti ndikuinyoza. Impact driver ndili nayo tsopano ndipo ndimaikonda. Ikafika nthawi yomanga masikuluwu a 75 mm kapena 100 mm m'mitengo ya bulugamu youma, drill imabuula, imakupotokolani dzanja, biti imadumpha n'kufafaniza mutu wa sikuluwu. Impact driver imangolowetsa, dzanja osamva kanthu, ndiponso ndi yaifupi moti imalowa m'makona opanikiza. Imamasulanso masikuluwu adzimbiri amene akana zonse. Kungoti imafuna mabiti olembedwa kuti impact, chifukwa wamba amathyoka msanga, ndipo phokoso lake m'chipinda chotseka ndi loti muzivala zotseka m'makutu.

Nanga khola la nkhuku lija mumanga bwanji ndi drill yokha? Limangika bwinobwino. Paini wa ku Chikangawa ndi wofewa, sikuluwu imalowa mosavuta mukaika giya yoyamba. Pa bulugamu kapena mlombwa yambani mwaboola kabowo kocheperako kuposa sikuluwu, zimenenso zimateteza thabwa kuti lisang'aluke kumapeto. Zidzakutengerani nthawi yochulukirapo, koma khola ndi limodzi, simukumanga makola khumi pa sabata.

Pouza achimwene anu ku Joni, tchulani zinthu izi momveka. Drill ikhale ndi chizindikiro cha hamala pa mkombero wake, chuck ya 13 mm, ndi magiya awiri. Ngati ndalama ilola, mabatire akhale awiri, chifukwa magetsi akathima batire yachiwiri ndi imene imapulumutsa tsiku. Musavutike ndi nkhani ya 18V ndi 20V: m'kati mwa mabatire onsewa muli maselo ofanana, kungoti makampani ena amalemba mphamvu ya batire itangochoka pa chaja, ena amalemba ya nthawi yogwira ntchito. Chaja ya ku South Africa imagwira pa magetsi athu a 230V, koma pulagi yake ndi ya mano ozungulira, ndiye mudzafunika adaputala kapena kusintha pulagi. Chaja yochokera ku America yokha ndiyo muyambe mwawerenga zolembedwa pa iyo, chifukwa zambiri ndi za 120V ndipo zimapsa.

Sankhaninso mtundu mosamala, kaya ndi Makita, Bosch, DeWalt, Ryobi kapena Ingco, poona umene mabatire ake mungawapeze kuno. Nthawi zambiri batire ya kampani ina silowa pa makina a kampani ina. Mukadzafuna impact driver chaka chamawa, mudzagula ya mtundu womwewo yopanda batire ndi chaja, pa mtengo wotsika, n'kumagwiritsa ntchito mabatire a drill yanu yomweyi.