Kwa mayi amene akufunsa za sukulu ya chikhristu yoyendera

Mayi, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati inu ndi bambo akunyumba ndinu Asilamu, mwangosamukira ku Lilongwe kuchokera ku Mangochi, mtsikana wanu akuyamba Fomu 1, ndipo sukulu yomwe ili pafupi ndi ya pulayiveti, ya chikhristu, yoyendera. Mukufuna kudziwa ngati maphunziro ake ali enieni, komanso ngati mwana sakasalidwa chifukwa cha chipembedzo. Ine ndine wa CCAP, ndaphunzitsa Chichewa zaka 9 pa sukulu yotereyi, ndiye ndikuuzani zimene maso angawa anaona.

Mwana wachisilamu angathe kuphunzira bwino lomwe pa sukulu ya chikhristu, ndipo ambiri atulukamo ali Asilamu okhazikika. Koma sukuluzi sizofanana, ndipo vesi lolembedwa pa geti silikuuzani kanthu. Muyenera kupondapo nokha musanalipire tambala.

Ndiyambe ndi hijabu, poti ndikudziwa ndi imene ili pamtima. Mukukumbukira mkangano wa ku Balaka mu 2019, pamene atsikana anabwezedwa pa sukulu ya mpingo chifukwa chofunda kumutu, zinthu n'kufika poipa. Mu June 2021 atsogoleri a Akhristu ndi Asilamu anasainirana mgwirizano, motsogozedwa ndi bungwe la atsogoleri a zipembedzo la Public Affairs Committee, wolola atsikana kuvala hijabu yogwirizana ndi mtundu wa yunifomu. Koma mgwirizanowo unkanena za sukulu za mipingo zimene boma limathandiza. Sukulu ya pulayiveti imakhala ndi malamulo akeake, choncho musangoganiza kuti ndi zololedwa. Funsani ahedi maso ndi maso, ndipo yankho lawo lilembedwe pa kalata yolandirira mwana. Akayamba kuzungulira, "tiona, tikambirana ndi a bodi", dziwani kuti tsiku lina mwana adzabwezedwa pa geti.

Za mapemphero musanyengedwe, adzakhalapo. Kwathu belu likalira m'mawa ana amafola pabwalo, kolasi imodzi kapena ziwiri, kuwerenga mawu, pemphero, kenako m'makalasi. Lachitatu masana kumakhala magulu a mapemphero a ophunzira: ena amapita ku SCOM, Akatolika ku YCS. Mwana wanu adzaimirira nawo pa asembule, nyimbozo adzazidziwa, mwina mudzamumva akuzing'ung'udza potsuka mbale. Chofunsa n'chakuti kodi amakakamizidwa kutsogolera pemphero, kodi Bible Knowledge ndi phunziro lokakamiza kufikira Fomu 4, nanga Lachisanu masana ana achisilamu amaloledwa kukaswali.

Pali chinthu chimodzi chimene chimandiwawabe. Tsiku lina kunabwera mlaliki wa kunja pa asembule, ndipo m'kulalika kwake anayamba kunyoza zipembedzo zina. Atsikana atatu achisilamu a m'kalasi yanga anaima mzere wachiwiri. Ndinawaona akuweramitsa mitu, mmodzi akupotokola nsonga ya tayi yake mpaka ulaliki kutha. Ine ndinali chiimire pambali, sindinanene kanthu. Madzulo ndinalephera kudya. M'mawa mwake ndinapita kwa ahedi, tinakambirana, ndipo kuyambira pamenepo mlaliki aliyense ankauzidwiratu kuti pabwaloli pali ana a zipembedzo zosiyana. Atsikana aja ndinawapepesa. Koma dziwani kuti zotere zimachitika, ndipo chimene chimasiyanitsa sukulu ndi zimene akuluakulu amachita mawa lake.

Ndinaonanso zina. M'mwezi wa Ramadhan panali mnyamata wa Fomu 2 amene ankafunga. Belu la nkhomaliro likalira anzake ankatsegula mabokosi, uyu mpunga wa nyemba, uyu zigege, fungo lili tolo m'kalasi. Iye ankatuluka n'kukakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa labotale, akulembalemba pa dothi ndi kamtengo. Mnzake wa desiki imodzi, mwana wa abusa, anayamba kudya mofulumira ali chiimire, n'kupukuta pakamwa, n'kukakhala naye. Pofika sabata yachiwiri pansi pa mtengo paja pankakhala anyamata asanu akusewera bawo la m'maenje okumba pansi. Palibe mphunzitsi anawatuma. Itakwana Eid, mnyamata uja anabweretsera kalasi yonse mandasi ophika amayi ake.

Komatu mayi, chimene chidzayambe kumubaya mwana wanu mwina sichipembedzo ayi. Ndi Chingerezi ndi ndalama. M'kalasi imodzi mumakhala mwana wotsitsidwa pa galimoto ya bambo ake, ndi wina amene wakwera minibasi ziwiri, amayi ake ogulitsa kaunjika, fizi akulipira pang'onopang'ono. Mumakhala Atumbuka, Ayao, Alomwe, Asena, ana a Adventist amene sabwera ku makalasi a Loweruka, ana a Mboni amene saimba nyimbo ya fuko. Ana ambiri a m'tauni anayamba kulankhula Chingerezi ku nazale. Wochokera ku pulayimale ya boma, ngakhale anakhoza bwino PSLCE, amatha teremu yonse ali duu, poopa kusekedwa akatsegula pakamwa. Chichewa chake chikamveka kuti ndi cha kunyanja, ena amamuyeseza kalankhulidwe. Sukulu zina zimalanganso mwana akalankhula chinenero chakwawo, ndipo ine lamulo limeneli ndinkalitsutsa poyera, chifukwa limaphunzitsa mwana kuchita manyazi ndi agogo ake. Funsani ngati lilipo. Ndipo mumuuze mtsikanayo kuti Chiyao chake ndi chuma, ali ndi zinenero ziwiri kale pamene anzake ena akuvutika ndi chimodzi.

Tsopano za maphunziro. Choyamba onani satifiketi yoti sukuluyo inalembetsedwa ku Unduna wa Zamaphunziro, komanso ngati ili ndi nambala ya senta ya mayeso ya MANEB. Dziwaninso ngati amatsata silabasi ya MSCE kapena ya Cambridge, ya IGCSE, chifukwa fizi, mabuku ndi ndalama za mayeso zimasiyana kutali, ndipo kusamutsa mwana pakati pa njira kumamusokoneza. Akakuuzani kuti ana onse anakhoza, musaombe m'manja msanga. Kukhoza MSCE ndi kupeza malo ku yunivesite ya boma ndi zinthu ziwiri. Ku yunivesite amafuna makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi, ndipo mapointi amawerengedwa pa maphunziro 6 amene mwana wachita bwino koposa, ochepa ndiwo abwino. Ndiye funsani kuti mwa ana amene analemba chaka chatha, angati anapeza mapointi osapitirira 20, angati anasankhidwa. Funsaninso kuti Fomu 3 munali ana angati ndipo analembera pa sukulupo ndi angati, poti pali sukulu zimene zimachotsa ana ofooka mayeso akayandikira kuti zotsatira zioneke zokongola. Mukalowenso mu labotale. Mukapeza mabotolo ali fumbi lokhalokha, ana amenewo Chemistry akuphunzira pa bolodi basi. Ndipo aphunzitsi akamasinthasintha teremu iliyonse, kawirikawiri ndiye kuti malipiro akuvuta.

Kuti sukuluyi ndi yoyendera, kwa inu ndi mwayi. Chakudya adzanyamula cha kunyumba, nkhawa ya halaal palibe. Madzulo aliwonse adzagona m'nyumba mwanu, ku madrasa adzapitabe, ndipo china chikamupweteka mudzachiona pa nkhope tsiku lomwelo, osadikira holide. Mtolo wake ndi wa mayendedwe ndi homuweki. Mwana wofika kunyumba dzuwa litalowa, n'kupeza mbale zikumudikira, magetsi athima, sangapikisane ndi wa kogonera amene ali ndi nthawi yowerenga yoikika. Mumupatulire maola awiri ndi nyale yodalirika, ntchito zina azichimwene ake agawane.

Mukamapita kukaona, musapite tsiku limene akuitanani. Pitani pakati pa sabata nthawi ya buleki, mutavala hijabu yanu, mtsikanayo ali pambali panu. Onani mmene mlonda wa pa geti ndi a mu ofesi akulandirireni. Kenako imani pabwalo mphindi khumi, muone ngati pali mwana wofunda kumutu, ndipo ngati alipo, akudya ndi ndani. Mupemphe ahedi akulumikizeni ndi kholo limodzi lachisilamu limene mwana wake ali Fomu 3 kapena 4 pomwepo. Mukabwerako mudzalembe muno zimene mwapeza, ndidzakuthandizani kuunika kalata ya malamulo awo musanasaine.