D-Von Dudley sanali wonyamula matebulo chabe

M'bale wina wanditumizira imelo yokhudza a Dudley Boyz, gulu la anthu awiri, D-Von ndi Bubba Ray, pa masewera olimbana a ku America (wrestling). Akuti pagulu la anzake pabuka mkangano, ndipo akufunsa kuti: "Kodi D-Von anali katswiri weniweni, kapena ankangodyera pa dzina la Bubba Ray? Bubba anakatenga lamba wamkulu payekha, koma D-Von timangomudziwa ndi kutulutsa matebulo pansi pa ring. Nanga pano ali kuti?"

Achimwene, zikomo polemba. Ine ndili kumbali ya D-Von, ndipo ndikuona kuti anzanuwo akumuyeza ndi muyeso wa munthu wolimbana payekha, pamene ntchito ya moyo wake wonse inali ya anthu awiri.

Dzina lake lenileni ndi Devon Hughes, anabadwa mu 1972 ku New Rochelle m'chigawo cha New York, ndipo anaphunzitsidwa ndi Johnny Rodz. Anayamba kudziwika mu 1996 atalowa ECW, kampani yaing'ono ya ku Philadelphia yomwe inkayendetsedwa ndi Paul Heyman. Kumeneko kunali nthano ya banja la a Dudley: ana a bambo mmodzi woyendayenda, aliyense mayi wake, n'chifukwa chake Bubba, mzungu, ndi D-Von, munthu wakuda, ankatchedwa pachibale. Pa nthawiyo Bubba anali woseketsa anthu, wachibwibwi, wovinavina mu ring. D-Von ndiye analowa ndi ukali, n'kuyamba kumenyana ndi abale ake omwewo ponena kuti akunyozetsa dzina la banja. Mu February 1997 awiriwa anagwirizana, ndipo mwezi wotsatira analanda malamba a awiriawiri kwa gulu la Eliminators. Ndiye amene akuti D-Von anatoleredwa ndi Bubba abwerere ku chiyambi: Bubba woopsa uja anabadwa D-Von atafika. Ku ECW anatenga malamba a awiriawiri maulendo 8.

Tsopano tiyeni tione chida chawo chomalizira adani, chija amati 3D. Mdani akabwerera kuchokera ku zingwe, D-Von amamugwira m'miyendo n'kumunyamula m'mwamba, Bubba n'kudumpha kumugwira khosi, onse n'kugwera pansi pamodzi. Kamera imatsatira Bubba, chifukwa iye ndi amene amaoneka kuti wamaliza ntchito. Koma wonyamulayo ndi amene amasunga moyo wa munthu. Akamukweza pang'ono, nkhope imakamenya pansi mosayenera. Akachedwa kapena kufulumira, Bubba amagwira mphepo. Zili ngati amayi awiri akusinja mumtondo umodzi: wina akangophonya kamphindi, misi imawombana. D-Von ananyamula amuna olemera makilogalamu opitirira 100, usiku ndi usiku, kwa zaka zambirimbiri. Inde, wopambana pa masewerawa amakhala atakonzedweratu, zimenezo sitibisa. Koma kulemera kwa munthu sikukonzedwa, ndipo mnzako amene wakupatsa thupi lake amafuna kukafika kwawo ali wamoyo.

Mu 1999 awiriwa anapita ku kampani yaikulu ya WWF, yomwe lero ndi WWE. Chaka cha 2000 ndicho chinawakweza. Mu January, pa chionetsero cha Royal Rumble ku Madison Square Garden mumzinda wa New York, anakumana ndi Matt ndi Jeff Hardy pa mpikisano wa matebulo, umene umapambana ukagwetsera mdani patebulo mpaka kuliswa. Mu February anatenga malamba kwa gulu la New Age Outlaws. Kenako panabwera mipikisano itatu imene anthu amaikambabe mpaka pano, yophatikiza a Dudley, a Hardy, komanso Edge ndi Christian: wa makwerero, pomwe malamba amapachikidwa pamwamba pa ring kuti wopambana akawatenge, pa chionetsero chachikulu cha WrestleMania 2000, wa matebulo, makwerero ndi mipando pa SummerSlam 2000, ndi wina wotero pa WrestleMania ya pa 1 April 2001 ku Astrodome mumzinda wa Houston. Yonse itatu anapambana ndi Edge ndi Christian, koma palibe amene amaikumbukira popanda a Dudley. Chimene chimandikhudza ine n'chakuti D-Von wakhala akunena poyera kuti amaopa malo okwera. Komabe pa SummerSlam ija analendewera m'mwamba atagwira malamba, makwerero atachotsedwa, Jeff Hardy akumuponda kuti agwe. Munthu woopa malo okwera kukwera pamenepo chifukwa choti mpikisano ukufuna zimenezo, ameneyo ine sindingamutche wodyera pa dzina la wina.

Za matebulo zija, n'zoona kuti Bubba ndi amene ankamukankha D-Von pachifuwa n'kukuwa kuti atenge matebulo, khamu lonse n'kukuwa naye. Koma taonani kuti dzina limene anthu masauzande ankalifuula pa nthawi imeneyo linali la D-Von.

Pali pamene anzanu akunena zoona, ndipo tisawamane. Payekha D-Von sanafike patali. Mu 2002 WWE itagawa olimbana ake pakati pa mapulogalamu ake awiri a pa TV, Raw ndi SmackDown, awiriwa analekanitsidwa. D-Von anasanduka Reverend D-Von, mlaliki woyenda ndi bokosi la chopereka, ndipo womunyamulira bokosilo anali mnyamata watsopano wotchedwa Deacon Batista. Batista yemweyo ndi amene anadzakhala katswiri wa dziko lonse lapansi, pamene ubusa wa D-Von sunathe ngakhale chaka. Pofika November, pa chionetsero cha Survivor Series, anali atabwerera kwa Bubba. Kumbukiraninso kuti naye Bubba payekha chaka chimenecho sizinamuyendere kwenikweni. Nthawi yake inadzafika mochedwa, ku kampani ina ya masewerawa yotchedwa TNA, atasintha dzina kukhala Bully Ray, pamene anagonjetsa Jeff Hardy mu March 2013 n'kutenga lamba wamkulu. Bubba ali ndi pakamwa, amadziwa kuputa mkwiyo wa anthu ndi maikolofoni, ndipo lamba wamkulu nthawi zambiri amatsata munthu wotere. D-Von ku TNA anatengako lamba wa Television mu 2012. Si waukulu ngati wa mnzake, zimenezo n'zoonekeratu.

Koma tikawerenga zimene anachita ali awiri, nkhani imasintha. Atachoka ku WWE mu 2005 sanaloledwe kutenga dzina la Dudley, chifukwa linali m'manja mwa kampaniyo. Anayambanso ku TNA ngati Team 3D, iye akutchedwa Brother Devon. Ambiri akalandidwa dzina amazimiririka, koma iwo anatenga malamba a bungwe la NWA mu 2007, a TNA kawiri, ndipo mu January 2009 anakatenga a IWGP, a kampani ya New Japan, ku Tokyo Dome, m'dziko la Japan kumene oonera amayang'ana luso kuposa phokoso. Tikaphatikiza a ECW, WWF ndi WWE, WCW (kampani yomwe WWF inagula), NWA, TNA ndi IWGP, anakhala akatswiri a awiriawiri maulendo 23. Pa maulendo onsewo panalibe ngakhale umodzi umene Bubba anali ndi mnzake wina. TNA inawalemekeza mu Hall of Fame yake, mndandanda wa akatswiri olemekezeka, mu 2014, WWE inachita chimodzimodzi mu 2018.

Mwafunsa komwe ali. Anabwerera ku WWE mu August 2015, n'kulimbana chaka chimodzi, kenako D-Von anatsalira kuseri ngati producer, wothandiza olimbana achinyamata kukonza mipikisano yawo, mpaka kumayambiriro kwa 2023. Ntchito imeneyi sapatsa munthu wongodziwa kunyamula tebulo. Amapatsa amene amadziwa nthawi yoti mpikisano ufulumire, nthawi yoti anthu apume, ndi mmene munthu angagwere osathyoka. Iye ndi Bubba anatsegulanso sukulu yophunzitsa masewerawa ku Florida, ndipo ana ake aamuna awiri, amapasa, nawo analowa ntchito yomweyi ngati gulu la awiri.

Thupi lake linalipira. Mu 2020 anadwala sitiroko, ndipo pambuyo pake anachitidwa opaleshoni ya msana. Ndikamva munthu akuti masewerawa ndi abodza basi, ndimaganiza za msana umenewo. Atachira anabwereranso mu ring ndi Bubba mu 2023, ndipo mu October 2025, pa chionetsero cha TNA cha Bound for Glory, anakumana komaliza ndi a Hardy pa mpikisano wa matebulo. A Hardy anapambana, a Dudley n'kuvula nsapato zawo kuwapatsa, kusonyeza kuti apuma.

Mukakumananso ndi anzanuwo, achimwene, musalimbane nawo ndi mawu. Pezani mpikisano wa SummerSlam 2000 kapena wa ku Houston uja pa intaneti, muonere limodzi, koma ulendo uno maso anu akhale pa D-Von yekha. Muone amene akuimika tebulo pamalo oyenera anthu ena ali kalikiliki kumenyana, amene akugwira makwerero kuti asaterereke wina ali pamwamba, ndi amene akudziika pansi kuti wodumphayo apeze pogwera. Mukatero mundilemberenso zimene anene.